Rauta Yanga Ili M'kabati ya Apongozi

Aphungu,

Ndine mphunzitsi wa pulayimale ndipo ndimakhala chikamwini kuno kwa Msakambewa. Sindidandaula ayi, anthu ake ndi abwino ndipo pakhomo timaseka. Koma Lachisanu likubwerali ndili ndi mayeso apakamwa a pa intaneti, oti andisankhe kukachita dipuloma. Mantha anga ndi akuti ndilephera ndisanatsegule n'komwe pakamwa.

Mwezi watha ndinagula rauta ku Mponela, kabokosi kobweretsa intaneti, ija yoikamo simukhadi. Wogulitsa atayiyesa pashopu pomwepo inkathamanga bwinobwino. Popeza sola yamphamvu ili kunyumba kwa apongozi anga aakazi, a Nachisale, ndinatuma akazi anga, a Luckness, kuti akayilumikize kumeneko. Nyumba zathu n'zoyandikana, moti waifai imafika mpaka pakhonde panga. Pafoni imaonetsa kuti yadzaza, koma ndikati nditsegule chinthu, kachizindikiro kamangozungulira mpaka tiyi kuzizira.

Vuto ndi lakuti rautayo sindinayionenso chiitumizireni. Inu mukudziwa, mkamwini salowa pabalaza pa apongozi ngati kwawo. Moni timapatsana chapatali, tikakumana panjira timapatukirana. Ndiye a Luckness ndi amene amakandionera tinyali take. Dzulo anabwera n'kuti, "Kamodzi kayaka bwinobwino, kena n'kofiira, kena kakuphethira ngati kalowa chitsotso, ndipo kena kazimiratu." Nditafunsa kuti yakhala pati, anayamba aseka kaye. "Amayi ayilemekeza," anatero. "Ili m'kabati yagalasi kuseri kwa mbale za alendo, ndipo ayilukira kansalu kofunda kuti isalowe fumbi. Akuti katundu wa aphunzitsi sangakhale poyera ngati chitini."

Kunena zoona zinandikhudza mtima, chifukwa m'kabati imeneyo ndi momwe mumakhala Baibulo la malemu apongozi aamuna. Koma mphunzitsi mnzanga, Elifala, akuti rauta yophethira ndi yakufa, ndiyibaye ndi singano pakabowo ka kumbuyo kuti idzuke. Kodi tinyali timeneti tikunena chiyani? Ndibaye, kapena ndingoyibweza ku Mponela?

G. K., Msakambewa, Dowa

A G. K.,

Singanoyo isiyeni m'dengu la osoka. Rauta yanu ndi yamoyo, yangolemekezedwa mopyola muyeso.

Choyamba, yamikirani a Luckness, chifukwa achita ntchito yabwino. Muwatumenso akajambule tinyalito ndi foni, poti pambali pa kanyali kalikonse pamakhala kachithunzi kapena kadzina. Mitundu imasiyana malinga ndi amene anapanga, choncho mufananitse ndi kapepala kamene kanali m'bokosi. Koma pa zomwe mwalembazi, nkhani ikuoneka poyera.

Kanyali koyaka mosasunthako n'ka magetsi, kakungonena kuti sola ya a Nachisale ikugwira ntchito yake. Kophethirako n'ka waifai. Kamaphethira foni yanu ndi rauta zikamalankhulana, ndiye musadandaule nako. Elifala aziphunzitsa ana, za marauta azisiye. Kozimako nthawi zambiri n'ka pamene amalowetsa chingwe cha kompyuta, ndipo inu chingwecho mulibe.

Wolakwa ndi kofiirako. Kameneko n'ka netiweki, kakuti rauta sikumvana ndi nsanja ya mafoni. Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonekera. Foni yanu ikaonetsa waifai yodzaza, ikungokamba za njira yochokera pakhonde panu kufika kwa apongozi. Kuchokera pamenepo kukafika kunsanja ndi ulendo wina, ndipo kumapiri kwanuko netiweki ndi yosankha malo. Nanga ikapezanso khoma lanjerwa, kabati, mbale za alendo ndi kansalu pamwamba, ilowera pati? Kansaluko kamatsekanso timabowo topumira, rauta n'kumatentha.

Chitani izi. Rauta ituluke m'kabati, ikhale pamalo okwera pafupi ndi zenera. Zenera lake likhale loyang'ana mbali imene anthu a m'mudzimo amalowera akafuna kuimba foni, mudzi uliwonse umadziwa mbali imeneyo. A Luckness ayizimitse, aone ngati simukhadi yakhala bwino, adikire mphindi imodzi, ayatse. Asathamange kudzakuuzani, aipatse mphindi zitatu kuti ipeze njira. Kofiirako kayenera kusanduka kobiriwira kapena kabuluu. Ngati pali timizere tamphamvu ya netiweki, tiyake titatu kapena kuposa. Kakakana, ayese zenera lina. Kakabiriwira koma zinthu osatseguka, onani ngati bandulo ilipo. Kakafiirabe pamazenera onse, ikani simukhadiyo m'foni muone ngati ikugwira. Za ku Mponela muziganize mukatha zonsezi.

Kabowo ka Elifala musakakhudze. Kamafufuta zonse zimene wogulitsa anaikamo, ndi dzina la waifai ndi nambala yachinsinsi zomwe. Mutha kudzapezeka Lachinayi muli ndi rauta yosakudziwani.

Tsopano nkhani yaikulu, ya apongozi. Mayi amene wakhala pansi n'kulukira chinthu chanu kansalu amakuwerengerani, ndipo ine ndakondwa nanu. Ambiri amene amandilembera amalira zosiyana ndi zimenezi. Musazembere kulowa iwo ali kudimba kuti mukachotse nokha. Mawu adzere mwa mwana wawo, ndipo ayambe ndi kuthokoza. Kenako afotokoze kuti chinthuchi chimafuna mphepo ndi kuona kunja, monga nyali saiika pansi pa bedi. Kansalu kasakabisidwe m'sutukesi ayi. Kayalidwe pansi, rauta ikhale pamwamba pake, ndipo aliyense wodutsa pazenera aziona luso la a Nachisale. A Luckness awauzenso za Lachisanu. Mayi wotere akadziwa kuti kanyali kobiriwira ndi kamene kakutengereni ku dipuloma, adzakalondera kuposa inu.

Chenjezo langa ndi ili: musadikire Lachisanu m'mawa. Lachitatu imbani foni ya kanema kwa m'bale wakutali, pa ola lomwelo la mayeso, mutakhala pomwe mudzakhale, ndipo muone kuti batire ya sola yadzaza. Kanyaliko kakabiriwira, ntchito ya rauta yathera pomwepo. Mafunso siidzakuyankhirani, aphunzitsi. Kawerengeni.

Aphungu