Chipumi cha Munthu wa M'bwato

Achimwene,

Muli bwanji kumeneko, inu ndi alamu ndi ana? Bondo lija kodi linaleka kutupa? Kuno tilipo. Amayi akudya bwino, koma maso akuchita chidima, moti ulusi m'singano ndimawalowetsera ndine.

Kalata yanu inafika miyezi iwiri yapitayo. Ngati mumaganiza kuti ndikuchedwa dala, simunalakwe. Yankho ndinalipeza pasanathe milungu itatu. Chimene ndinalibe ndi mtima wolilemba.

Munandituma kuti ndifufuze za chithunzi cha pabalaza paja, cha azungu ofufuza mitsinje ali m'bwato. Mukufuna dzina la amene anachijambula, chaka chake ndi dzina la mtsinjewo, kuti mmisiri aseme pa mwala wa pa manda a bambo nkhope ya munthu woimirira kutsogolo ndi nkhafi. Munati popeza ndimaphunzitsa mbiri yakale, imeneyi ndi ntchito ya tsiku limodzi.

Mukukumbukira mmene bambo ankachitira. Mlendo aliyense, asanapatsidwe ndi mpando womwe, ankamuimika patsogolo pa chithunzicho. Ankagogoda galasi ndi cholembera, n'kunena kuti wa nkhafiyo ndi agogo awo, amene anatsogolera azunguwo, ndipo wojambula anali nawo m'bwato momwemo. Kenako ankakuitanani kuti muime pambali pake, anthu aone chipumi. Inu munali nacho. Za ine ankaseka kuti chipumi cha mwana wamkazi n'chosawerengera, chimakathera kwa eni.

Mng'ono wanu anabadwa wopanda chipumicho. Bambo anamuyang'ana, n'kuyang'ana chithunzi, n'kufunsa amayi kuti mlendoyu wachokera kuti. Dzina linakhala lomwelo. Tonse tinkamuitana kuti Mlendo, ine ndemwe, mpaka anachoka pakhomo ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Pa maliro a bambo munamuona nokha: anaima kumene kunali magalimoto.

Tsono imvani zimene ndapeza. Ndizilemba m'ndondomeko yake kuti musati mlongo wanu wapenga ndi mabuku.

Ndinanyamula chithunzicho kupita nacho ku nyumba yosungira zolemba zakale. Kumeneko kuli mkulu wina wosoka mabuku ong'ambika, wa magalasi awiri, ena pamphuno ena pamutu. Sanachiyang'ane kumaso n'komwe. Anachitembenuza n'kuyamba kuzula timisomali ta felemu, akunena kuti chithunzi chili ngati munthu wofunsira mbeta, kumaso chimadziwa kunama koma kumsana chimaiwala kusamba.

Atachitulutsa anandipatsa galasi lokuzira zinthu. Mizere yonse ya m'chithunzicho si ya cholembera. Inasemedwa pa kathabwa kolimba, n'kupakidwa inki, n'kudindidwa pa mapepala mazanamazana. M'makona a m'munsi, momwe felemu inkaphimba zaka zonsezi, muli timaina tiwiri: kumanzere la amene anajambula, kumanja la amene anasema. Onse awiri ndawalemba pa kapepala kali m'envulopu momuno. Ndiye dzina munalifuna lija mwalipeza.

Wojambulayo mbiri yake inalembedwa, ndipo ndaiwerenga m'mabuku awiri osiyana. Anali wantchito wa kampani yosindikiza mabuku kutsidya kwa nyanja. Sanakwerepo sitima ya pamadzi moyo wake wonse. Ankapatsidwa makalata a apaulendo, n'kumajambula zimene akuganiza, ali khale pa mpando pafupi ndi zenera.

Mkulu uja sanalekere pomwepo. Anakatenga buku lina, lakale kuposa chithunzi chathu ndi zaka khumi ndi chimodzi, lonena za mtsinje wa ku dziko lina kutalitali ndi kuno. Anatsegula pakati. Bwato lomwelo, achimwene. Nkhafi yomweyo, munthu yemweyo, chipumi chomwecho, kungoti wavala chipewa. Osindikiza ataona kuti kusema kathabwa katsopano n'kochedwetsa, anangosepa chipewacho n'kusintha mitengo ya m'mphepete. Mkuluyo anaseka kuti agogo athu anali oyendayenda ndithu, mitsinje iwiri ndi nkhafi imodzi. Atandiyang'ana analeka kuseka.

Za mtsinje, ndiye kuti palibe dzina loti ndikupatseni. Za chaka, chithunzi chathu chinadindidwa zaka zisanu ndi zinayi agogo a bambo asanabadwe. Ndawerengera kuchokera pa kalata yawo ya ubatizo imene ili m'sutikesi ya amayi.

Zikanathera pamenepa ndikanati bambo ananamizidwa ndi wina. Koma kumsana kwa pepalalo kuli mawu osindikiza, nambala ya tsamba 214, ndi theka la chidindo chofiirira. Chidindocho ndinachizindikira ndisanachiwerenge. Ndi cha laibulale ya koleji imene bambo anagwirako ntchito ya umesenjala zaka makumi atatu.

Ndinapitako Lachitatu nditaweruka. Bukulo lilipo, pa shelefu ya pansi, fumbi lokhalokha. Likachoka pa tsamba 212 limalumphira pa 215. Pakati patsala kam'mphepete kodulidwa bwinobwino ndi lezala, ndipo pa kam'mphepeteko pali theka lina la chidindo. Ndinaika pepala lathu pamenepo. Zinalumikizana ngati mano a zipi.

Loweruka m'mawa ndinawauza amayi. Ndinayamba mozungulira, kuopa kuti angakomoke. Anandidula pakati, nati ndisataye malovu, bukulo analigwirizira ndi iwo pa tebulo la kukhitchini pamene bambo ankadula. Chinali chaka chimene anakwatirana. Anzawo a kuntchito ankabwera kudzaona nyumba, ndipo chipupa chinali mbee.

Akuti za agogozo zinayamba tsiku limene anzawowo anabwera. Kalaliki wina amene ankakonda kutuma bambo ngati mwana anafunsa monyoza kuti mesenjala akudziwapo chiyani za zithunzi zotere. Bambo anangoloza wa nkhafi uja n'kuti ndi agogo awo. Kalaliki anasiya kunyoza. Bambo anaona kuti zatsekemera. Anazinena kawiri, kakhumi, mpaka anayamba kuzikhulupirira okha.

Ndinawafunsa amayi kuti nanga pamene mwana wawo ankatchedwa Mlendo, ndipo iwo ankanenedwa zimene ankanenedwazo pamaso pa anthu, anakhaliranji chete. Anayankha mosakweza mawu. Akuti akanaulula, bambo akanachotsedwa ntchito chifukwa chodula buku, ndipo nyumba imene tinkagonamo inali ya koleji. Bambo atapuma ntchito, akuti akanauza ndani, popeza tonse tinali titapita kale kumbali ya chithunzi. Anamaliza ndi kunena kuti mwanayo anabereka ndi iwo, bambo wake akumudziwa, sanafunikire pepala kuti liwauze. Kenako anandifunsa ngati ndagula sopo.

Ine ndimaphunzitsa ana kuti asakhulupirire chinthu asanafunse kuti analemba ndani, liti, ndipo ali kuti. Chithunzichi ndadutsa pansi pake zaka makumi anayi osachitembenuza. Timisomali take ndi tisanu ndi titatu tokha. Mlandu umenewo ndi wanga, sindikupatsani.

Ndinapita ku galaja kumene mng'ono wanu amakonza magalimoto. Ndinamufotokozera zonse, ndinamuonetsa ndi chidindo chomwe. Anamvetsera mpaka kumapeto akupukuta manja ndi kansanza. Anandifunsa kuti nanga iye achite nazo chiyani tsopano. Anati mwini galimoto akubwera masana, n'kulowanso pansi pake.

Ndiye pempho langa ndi ili. Nkhope imeneyo isasemedwe pa manda a bambo. Dzina lawo ndi zaka zawo n'zokwanira. Ndikudziwa kuti chipumicho mwayenda nacho moyo wanu wonse, ndipo ana anu munawauza kale za agogo otsogolera azungu. Koma pepala limachotsedwa pa chipupa, mwala suchotsedwa. Amayi adzagona pambali pa mwala umenewo. Sindilola kuti akagone moyang'anizana ndi munthu wongopeka amene anawachitira umboni wabodza. Mukaumirira, mwalawo mukaimike nokha, ine sindidzakhalapo.

Chachiwiri, mulembereni mng'ono wanu. Adilesi ili kuseri kwa kapepala kaja. Pamwamba pa kalatayo mulembe dzina lake lenileni, ngati mukulikumbukirabe.

Pepala lija ndinalibweza ku laibulale. Woyang'anira sanafunse zambiri, ndipo mkulu wosoka mabuku wati alimata pamalo pake. Felemu amayi anakaniza kuti ndisataye. Anati ndikapemphe chithunzi kwa mwana wawo wotsiriza, mng'ono wanuyo, kuti tiikemo. Ndamupempha kawiri. Sanatumize, komanso sanakane.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa ana onse, makamaka wamkuluyo amene akulemba mayeso. Mulungu akusungeni, bondolo lichire. Amayi akuti moni. Pamene ndikulemba pano ali pabalaza, akupukuta galasi la felemu yopanda kanthu ija, monga amachitira m'mawa uliwonse.

Ndine mlongo wanu,
Mphunzitsi