Nthochi ya Ipyana

Lolemba, 1 Julaye 2024

Ipyana wamwalira. Uthenga wafika pa foni ya mlongo wake Yunike tikupuntha mpunga. Akuti mtima, anagwa akutsika m'boti. Mwana wanga wotsiriza. Wafera ku Bonaire, kachilumba kamene ankaphunzitsako azungu kumira m'madzi kuti aziona nsomba. Kusambirako ndinamuphunzitsa ndine, pano pa Ngara.

Ndauza Yunike awuze Hilda, mkazi wa Ipyana, kuti atumize thupi. Malo alipo pafupi ndi mayi ake.

Lachiwiri, 2 Julaye

Anthu adzaza pabwalo. Aliyense akufunsa kuti maliro afika liti. Ndikuti Loweruka. Ndangonenapo.

Lachitatu, 3 Julaye

Ndinapita kwa Issa wagolosale kukatenga shuga wa anamalira. Anandionetsa chilumbacho pa foni yake. Kadontho ngati chitosi cha ntchentche, kumadzulo, kutsidya kwa nyanja yamchere. Akuti, "Mzee, kumeneku n'kwa Adatchi. Mfumu yawo imakhala ku Ulaya." Ndinati ukunena zakale. Akuti ayi, lero lino, ndipo anthu ake ambiri ndi akuda ngati ife.

Ndinakhala pa thumba la mchere. Ine amene anandichotsa sukulu ndili Sitandade 4 mu 1959 chifukwa chogwetsa mitengo pamsewu kuti magalimoto a asilikali asadutse. Ahedi anandikwapula pamaso pa ana onse. Anzanga amene anabisala m'nthochi tsiku lija anadzakhala makalaliki, ine ndinakalamba ndi nkhafi m'manja. Palibe anabwera kudzati zikomo. Chimene chinkanditonthoza n'chakuti mzungu tinamuchotsa, anapita kwawo, zinatha dziko lonse. Kani anangosamukira pazilumba, ndipo mwana wanga anamutsatira komweko.

Ndinayamba kufotokoza. Issa akuti, "Mzee, za mitengozo tinazimva chaka chatha ndi dzana lomwe. Shuga ndikuyikireni woyera kapena wofiira?"

Lachinayi, 4 Julaye

Ndalankhula ndi Hilda, nkhope ikuoneka pa foni, Yunike akumasulira. Ndi wakuda kuposa Yunike. Maso otupa. Akuti kuchoka kwawoko kulibe ndege yobwera kuno, thupi liyenera kuyamba lapita kwa Adatchi, kenako kwina, kenako Lilongwe, masabata akutha. Komanso mwana wawo Bruce wafunsa kuti azikawaona kuti bambo ake. Ndiye amuika konko.

Hilda akuti, "Tata, bwerani inuyo." Yunike sanadikire kuti ndiyankhe. Akuti pasipoti mulibe, ndipo mutakhala nayo muyenera kupempha chilolezo kwa Adatchi. Ndipemphe kwa mzungu kukaika mwana wanga.

Ndinamufunsa Hilda ngati iwowo ufulu saufuna. Anaseka misozi ikutsika. Akuti ena amaufuna, ena amati chipatala ndi penshoni zichokera kuti. Anafunsidwapo pa voti, anayankha, mfumu ikadali yomweyo. Kenako anati makolo ake akalekale anawabweretsa pa sitima ngati akapolo kudzakumba mchere, mudzi wawo kuno ku Afirika palibe akuudziwa, ndipo palibe mmodzi yemwe amene anabwezedwa kukaikidwa kwawo.

Yunike anamasulira zimenezi monong'ona. Foni inatha moto.

Lachisanu, 5 Julaye

Mlamu wanga Ambokile, mchimwene wa malemu mkazi wanga, wabwera ndi nzeru zake. Akuti, "Alamu, tichite monga ankachitira akale munthu akamira osaoneka. Tidule thunthu la nthochi, tiliveke zovala zake, tiike m'manda, anthu asambe abalalike."

Ndati mwana wanga sanasowe. Ndikudziwa pamene ali. Ali mufiriji kwa Adatchi. Nthochi ukaike kwanu ku Lupembe.

Iyeyu ndi mmodzi wa obisala mu 1959 aja. Nthochi amazidziwa bwino.

Loweruka, 6 Julaye

Wailesi kuyambira m'mawa, zaka 60 za ufulu, ng'oma, malipenga. Ndinaizimitsa.

Amuika lero. Tinaunjikana pa foni ya Yunike pansi pa mango. Bokosi loyera. Nyimbo yake ndinaizindikira, timaimba ku tchalitchi kwathu, koma mawu ake ena. Sanakumbe. Manda awo ndi tinyumba tasimenti pamwamba pa nthaka, anangomulowetsa ngati buledi mu uvuni, munthu n'kuyamba kumata njerwa. Ndinakuwa kuti afunse mutu waloza kuti. Netiweki inadula. Pamene inabwera anali atamata kale, Bruce ataima pamenepo ndi nsapato zazikulu.

Dothi silinamukhudze. Ngakhale la eni akelo.

Lamulungu, 7 Julaye

Sindinapite ku tchalitchi.

Lolemba, 8 Julaye

Anamalira akadali pano. Sangachoke, sitinaike. Azimayi akugona pansi, mwera ukuwomba, azakhali ena ayamba kutsokomola. Ndinamva mnyamata wina kuseri kwa khola akuti, "Madalawa akudikira kuti mfumu ya Adatchi iwabweretsere yokha pa kabaza." Anzake anaseka. Atandiona anavula zipewa.

Yunike anagwada pakhomo. Akuti, "Tata, anthu asiya mpunga pa dambo, mbalame zikudya. Ipyana sabwera. Inunso mukudziwa." Ndinati ndamva. Sanadzuke. Ndinati ndamva, pita.

Ndakhala ndikuganiza za makolo a Hilda. Kapena kwinakwake kuli mudzi umene unadula nthochi chifukwa cha iwo. Kapena unadikira mpaka onse anatha.

Lachiwiri, 9 Julaye

Ndinatenga chikwanje ndekha. Anyamata amafuna kundithandiza, ndinakana. Ndinasankha nthochi ya kuseri kwa bafa, pamene Ipyana ankabisala akathawa kukawedza. Dzanja silikugwiranso, ndinatema nthawi yaitali, madzi ake akundithira kumaso.

Ambokile anafunsa kuti tidule kutalika bwanji. Palibe ankadziwa. Ndinaima pafupi ndi thunthulo n'kuika chikhatho pamwamba pa mutu wanga, chifukwa tsiku lonyamuka ankandiposa choncho. Ambokile akuti, "Alamu, inu mwawerama kuchokera nthawi ija." Ndinawonjezera chikhatho china.

Yunike anabweretsa malaya a buluu amene anasiya m'sutikesi. Mabatani ndinamanga ndine. Thunthu lozizira, manja a malaya akulendewera.

Kumanda okumba anafunsa ngati mutu uloze monga mwa masiku onse. Ndinaitana Issa, anali kumbuyo kwa anthu ndi kofiya wake. Ndinati tulutsa foni ija, utionetse kumene kuli chilumba chija. Anaitembenuza kangapo, kenako analoza kumapiri, cha ku Kayelekera.

Ndinati mumugoneke ayang'ane uko.