Chingwe cha Alamu Anu

12 Okutobala

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo ana sakukuvutitsani. Ife tatsikako pang'ono, tonse amoyo.

Mukudziwa kuti ulendo uno wokwera phiri ndinaulota ndine. Alamu anu, amene amapuma wefuwefu pa masitepe a ku ofesi, ndinachita kuwakoka. Tinayenda masiku angapo m'zigwa, kuwoloka timilatho togwedezeka, mpaka pa kanyumba komaliza. Nsonga yathu inali yaing'ono pakati pa zimphona zoyera mbee ndi chipale chofewa, koma kwa ine inali yokwana.

Pamenepo mutu unayamba kundiwaza ngati nkhuni, n'kusanza. Wotitsogolera anati mpweya wandichepera, ndisapitirire. Alamu anu anandifunsa kuti, "Nditsale?" nsapato atamanga kale. Ndinati pitani. Inu mukanayankha chiyani?

M'gulu lathu muli namwino wina wamkazi, wamiyendo italiitali, woseka ndi mano onse. Pokwera timamangirirana chingwe awiriawiri, ndipo malo anga pa chingwe cha alamu anu anatenga iyeyo. Ndinakhala pa zenera nditafunda bulangeti, ndikuona timadontho tiwiri tikukwera. Kakutsogolo kakaima, kakumbuyo kankaimanso. Pena timadonthoto tinasanduka kadontho kamodzi. Akuti namwinoyo anaterereka, iwo n'kumugwira.

Anabwerako madzulo milomo itang'ambika, akuseka. "Mayi, amuna anuwa ndi mkango," anatero namwinoyo akundigwira pamphumi. Mankhwala ake anandithandizadi, ndipo zimenezo zikungondiwonjezera mkwiyo. Tsopano iwo akumuitana Mbuzi, iye akuwaitana Madala. Ndikafunsa, amati, "Ndi za kumtunda izi, simungazimve."

Sindikunena kuti pali kanthu, achemwali. Koma pamwamba paja alamu anu analira, ndipo ndinamva kwa namwinoyo. Ine misozi yawo sindinaionepo, ngakhale pa maliro a mayi awo.

Ndawauza kuti Lachisanu sindibwera nawo. Mutu wapola, ndipo wotitsogolera wavomera kuti tikayesenso pang'onopang'ono. Alamu anu anangoti, "Mukavale magolovesi anga, anuwo ndi opyapyala." Sananene kuti atsala. Ndege yawo ndi yomweyo ya namwino. Ndikudziwa, komabe ndasankha phiri.

Ndisungireniko ana sabata inanso, muwauze kuti mayi awo akuwakonda. Moni kwa alamu anga. Chonde alamu anuwo mukawachingamire nokha ku bwalo la ndege, mukaone ngati atuluke atanyamula chikwama chimodzi kapena ziwiri. Musandiuze pokhapokha nditafunsa. Koma mukundidziwa, ndidzafunsa.

Ine mng'ono wanu,
amene munkati satha kugonja.