Masipuni a Tiza

Lachisanu, 7 Juni

Mkazi wanga Towera wabwera kuchokera kusikelo ndi khadi la mwana. Mzere wa kulemera kwa Tiza sunakwere, wangogona, mwezi wachiwiri tsopano. Ba sisita akuti miyezi isanu ndi umodzi yakwana, bele lokha silimukwanira, ayambe phala. Masipuni awiri kapena atatu, kawiri pa tsiku. Shuga ayi, mchere ayi. Ndauza T., mkazi wangayo, adikire Sondo, Lamulungu, ndili panyumba. Sipuni yoyamba ndifuna ikhale yanga.

Loweruka, 8 Juni

Kuntchito fumbi la ufa limayandama pamene dzuwa likulowera pabowo la malata. Lero ndaliyang'ana kwambiri. Thumba lili paphewa, ine ndikuganiza: limodzi ili, Tiza angalidye zaka zingati? Ndinamuona atakula, ali mu yunifolomu, akukukuta chimanga chowotcha panjira ya kusukulu, mano onse alipo. Mpundu, amene timanyamula naye, wakuwa: "Iwe mudala, thiraki siidikira maloto!"

Ndagula kambale ndi kasipuni ka pulasitiki.

Lamulungu, 9 Juni

Ufa ndasefa kawiri. Nsinjiro pang'ono. Kutentha ndayesa pakhungu la dzanja. T. wamukhazika pamiyendo, ine nditawerama pamwamba pawo. Sipuni yalowa, lilime lakankha, zonse pachibwano. Kasanu konse. Kenako kulira.

T. akuseka: "Mumudyetsa monga mulonga katundu."

Ine sindinaseke.

Lolemba, 10 Juni

Palibe. T. wayesa m'mawa ndi masana. Palibe.

Lachitatu, 12 Juni

Theka la sipuni, mwina. Ba Mukupa, eni nyumba, amene amanditchula bashi Tiza, ndiye kuti bambo a Tiza, akuti: "Thirani shuga, bashi Tiza, ise tonse tinakula nayo, tinafa?" Ndangoti zikomo mayi.

Mkanda wa m'chiuno umene anamuveka agogo ake, uja unkamuthina mu Epulo, chala changa chikulowa pansi pake. Ndikamunyamula sindimva kulemera kulikonse. Mu basi ndinasinza pang'ono, ndinaona mphepo ya Juni ikumutenga ndi thewera lake, pamwamba pa madenga a Chawama, pamwamba pa miyala ndi matayala otsinjira malata, iye ali chete, akungoyang'ana pansi. Ndatsika nditapitirira siteshoni yanga.

Lachisanu, 14 Juni

Sikelo ina ndi pa 5 Julayi. Mzere ukatsika akuti amatumiza kuchipatala chachikulu. Matumba a makilo makumi asanu ndimakweza tsiku lonse, sipuni imodzi yandikanika.

Loweruka, 15 Juni

Tinaweruka masana. T. anandiikira chakudya patebulo m'nyumba, chovundikira, monga masiku onse. Atate ankadya choncho, okha, nanenso sindinafunsepo chifukwa. T. ndi mwana anali panja pamphasa. Ndisanasambe m'manja ndamva kulira, phala likukanidwanso.

Ndatuluka. Ndakhala pansi pomwepo, majombo ali kumapazi. Ba Mukupa ali pachingwe cha zovala: "Awe mwandi, mwamuna pamphasa! Mipando yatha?"

Ndati mwina phalali ndi loipa, ndilawe. Sipuni imodzi. Si loipa, likununkhira mtedza. Yachiwiri.

Tiza waleka kulira. Maso ake ali pakamwa panga.

T. monong'ona: "Musaleke. Ine nimadya ali kumsana, imwe mumadya mukati. Sanaonepo munthu akudya."

Ndadya pang'onopang'ono, ndikutsegula pakamwa kwambiri ngati chitsiru. Kakamwa kake kayamba kuyenda kokha, kopanda kanthu. Ndatunga ina, pang'ono chabe kunsonga, sindinaipereke, ndangoigwira pakati pathu. Wagwira chala changa, wakoka yekha.

Lina latuluka. Lina ayi. Ndaona pakhosi pake pakuyenda.

Masipuni atatu. Yachinayi wapaka patsitsi.

T. wadzuka, walowa m'nyumba, watuluka ndi mbale yanga ndi madzi osamba m'manja, waziika pamphasa.