Bambo Shigeharu Kazamaki, Amene Phiri Linasunga Mpaka Meyi

Bambo, lero zakwana zaka zisanu ndi chimodzi chichokereni pakhomo pano, fosholo ili paphewa, kupita kukaona chipale chofewa, madzi oundana ogwa kumwamba aja, cha pamtsetse umene uli pamwamba pa msewu wa kusukulu. Tiyi munamusiya theka, mukuti mudzamaliza pobwera.

Imeneyo inali ntchito yanu dzinja lozizira lililonse. Munkakumba m'chipalemo dzenje lolekeza m'chifuwa, n'kumabaya khoma lake ndi chala kuyambira pamwamba mpaka pansi, kufunafuna chipale chakale chimene chasanduka ngati shuga. Munkati chimenecho ndiye chimapha, chifukwa pamwamba pamakhala pouma gwa koma pansi palibe chogwira. Munkatiuza kuti phiri likausa moyo kunsi kwa mapazi athu tisachite nalo makani, tizingobwerera. Mlongo wanga Noboru munkamunena kuti ali ndi makutu a chitsa, n'kuseka mpaka kutsokomola. Amayi nawo ankakukalipirani tsiku ndi tsiku chifukwa choyanika magolovesi onyowa pamwamba pa mphika wa mpunga. Simunasiye.

Dzulo lake la tsiku limene munachokalo kunawomba mphepo yofunda. M'mawa munatseka msewu, basi ya ana n'kubwerera, inu n'kukwera nokha kukatsimikiza. Akumunsi anangomva kugunda kumodzi. Mtsetse wonse unang'ambika n'kutsika, kukwirira msewu ndi mikungudza yomwe. Amuna a m'mudzi anakufunani ndi ndodo zazitali mpaka manja kuchita matuza, osakupezani. Phiri linakubwezani mu Meyi chipale chitasungunuka, muli tsonga m'mbali mwa mtsinje, nkhope ili ngati mwangogona kumene. Fosholo yanu sinaoneke.

Pali nkhani imene sitiikamba kwa alendo. Noboru ndiye anatenga ntchito yanu. Dzinja lotsatira, atakwera kumtsetse m'mawa wina, anapeza dzenje litakumbidwa kale, makoma ake owongoka ngati momwe munkakumbira inu, mabowo a chala ali ndondondo mpaka pansi. Mapazi opita pamenepo panalibe, obwerera panalibenso. Anatsika osayang'ana m'mbuyo, natseka msewu, ndipo dzuwa lisanafike pamutu mtsetse unagumuka. Zachitikanso kangapo chiyambire. Anzanu amene munkamwa nawo amati ndi mphepo, koma amanena zimenezo maso ali pansi. Noboru imvi zamutuluka asanakwane zaka makumi anayi, ndipo makutu aja tsopano amamva.

Chaka chatha dzenjelo silinali kumtsetse. Tinalipeza kuseri kwa nyumba, pansi pa zenera la Amayi. Tinanyamula zofunda n'kuthawira kwa azakhali athu a Tomoe kutsidya kwa mtsinje, n'kumadikira. Palibe chimene chinagumuka. Titabwerera, Amayi anaima pa dzenjelo nthawi yaitali, kenako anaseka monga sanasekepo chimwalirireni inu. Anati simunabwere kudzachenjeza munthu, munangobwera kudzawaona. Kuyambira pamenepo akafukiza lubani pa chithunzi chanu amasiya zenera lija lotsegula pang'ono, kaya kunja kuzizire chotani, ndipo atiuziratu kuti chaka chino sasamukanso.

Chipale chayamba kale kugwa, Bambo, ndipo chifuwa cha Amayi sichili bwino. Msewu pitirizani kuulondera ngati simunatope. Koma ngati mukuwasowa akazi anu, chonde dikiraniko. Ife tikuwafunabe kuno.

Tikukulirani ine mwana wanu Chizuru, akazi anu a Fumie, Noboru ndi mkazi wake Kaho, ndi adzukulu anu Sayo ndi Itsuki amene amakudziwirani pa chithunzi ichi chokha.

Dzina lanu silidzazima pakamwa pathu.