Mthiko Umene Unalapa

Amayi, kodi mukupeza bwanji kumeneko?

Ife kuno ku Perth tilipo, kungoti dzuwa la chaka chino likuwotcha ngati tinalilakwira. Ndikulemba mtima uli wowawa, choncho ndiyambe ndi zabwino, mungati ndimakukumbukani pokhapokha ndikapsa mtima.

Achimwene a Yohane anaimba foni kuchokera ku Mponela. Akuti chimanga cha kudimba chachita bwino, koma mtedza unapserera. Akazi awo anachira mwezi wathawu, mwana wamwamuna, mphuno yake ya kwathu yeniyeni. Chiliza chanu chili bwinobwino, amakalambulako. Kuno mdzukulu wanu Tamanda watalika, wandifika m'khutu. Chichewa amamva chonse, makamaka ukamamunena, koma poyankha ndi Chingerezi chake cha m'mphuno chija. Ine ndikadali kusamalira okalamba ku Morley. Maungu amene ndinadzala kuseri kwa nyumba ayanga mpanda wonse, moti nkhwani ndikugawira anzanga a kutchalitchi. Chimanga chokha ndiye chinatha ndi mbalame zoyera zaphokoso za kuno.

Tsopano ndibwere pa nkhani ya akamwini anu, bambo a Tamanda. Munkawayamikira inu kuti ndi munthu waulemu, poti ankapatuka panjira akakuonani, ndipo polankhula nanu maso ankakhala pansi. Ulemu womwewo ndi umene wandichititsa manyazi pamaso pa azungu.

Kuno mowa wa m'mabala satunga ndi chikho. Umatuluka pampopi, ndipo mpopi uliwonse uli ndi chigwiriro chake chokoka, chosemedwa mwamtundu wake kuti womwa azindikire mowa wake ali patali. Akamwini anu anayamba kutolera zigwiriro zimenezi. Iwo amati mahandulo. Akatsika ndege kuchokera kumgodi kumene amagwira ntchito, m'malo mopuma, amazungulira m'misika ya zinthu zakale ndi m'mabala amene akutsekedwa, kusaka mahandulo. Galaja yonse yadzaza, khoma ndi khoma, galimoto imagona panja ngati galu. Muli yooneka ngati nsomba, ina chigaza cha munthu, ina mwendo wa mkazi wovala nsapato ya gogoda. Zina zikadali kununkha mowa wakalekale, fungo la chikolopa chimene sichinayanikidwe. Munthu amene sanapukutepo tebulo m'nyumba muno amakhala masana onse akupukuta mwendo wa mkazi uja ndi kansalu kofewa. Amayi a kutchalitchi akabwera kudzapemphera ndimakiya chitseko cha galaja, kiyi n'kuika m'thumba.

Ndinkangopirira. Ndinkati bola mahandulo, amuna ena amatolera zoipa kuposa pamenepa. Komanso kumwa kwenikweni samwa, tambula imodzi amatha nayo mpira wonse.

Pafupi ndi kwathu kuno ku Maddington, pakati pa magalaja a malole ndi mashedi owotcherera zitsulo, pali kanyumba kofululira mowa. Mbiri yake ndaimva mpaka makutu kuwawa, chifukwa akamwini anu amaifotokoza ngati mbiri ya mtundu wawo. Akuti anakayambitsa ndi mkulu wina wowotcherera zitsulo, amene ankafulula mowa m'thanki yakale ya mkaka kuseri kwa shedi yake. Anzake a ntchito ankabwera kudzalawa poweruka, mpaka olawa anachuluka kuposa obweretsa zitsulo. Chigwiriro chake choyamba anachipanga ndi mpini wa hamala yake. Kuyambira pamenepo unakhala mwambo wawo: mowa watsopano uliwonse, chigwiriro chake chizichokera ku chipangizo chimene munthu wina anagwiritsapo ntchito, kaya mpini wa fosholo, kaya chopalasira bwato. Mkuluyo anamwalira, pano akuyendetsa ndi mwana wake wamkazi, dzina lake Jesi. Akamwini anu anazolowerana naye chifukwa cholakalaka mpini wa hamala uja, umene Jesi anakana kwamtuwagalu kuwapatsa.

Amayi, mukuukumbuka mthiko wanu wautali uja, wakuda kunsonga? Bambo atatisiya, ndi umene munkatakasira masese kuseri kwa nyumba, ndipo masesewo ndi amene anatilera. Ine sindinachitepo nawo manyazi. Koma ndikukumbukanso tsiku limene munabwerera kutchalitchi. Munagubuduza mgolo n'kuupereka kwa aneba kuti azisungira madzi, zikho munatentha, koma mthiko munausunga. Azakhali atakufunsani chifukwa chake, munati, "Uwu walapa pamodzi ndi ine." Kuyambira tsiku limenelo sunalawenso mowa, unkangotakasa thobwa la pa ukwati ndi la pa ubatizo. Thobwa likayamba kusasa munkalitaya, anthu akudandaula, inu n'kumati, "Mukufuna mthiko wanga ubwerere m'mbuyo?"

Pogawana katundu wanu maliro atatha, ena anatenga zitenje, ena mapoto. Ine ndinatenga mthiko. Pabwalo la ndege kuno anautembenuzatembenuza kufuna anankafumbwe, ine nditaima ndikupemphera chamumtima kuti asautaye. Anaulola. Ndinauika pamwamba pa kabati ya kukhitchini, ndipo sindinkautsitsa kawirikawiri, ndinkaopa kuutha.

Loweruka lapitali masana akamwini anu anati, "Mayi a Tamanda, tatchenani pang'ono, ndikakuonetseni sapulaizi." Anali akumwetulira ngati mwana amene wakhoza mayeso. Anati Tamanda abwere nawo, poti masana kukanyumba kofululira mowa kaja kumakhala mabanja, amagulitsanso chakudya. Titangolowa, fungo la chimera chophika linandilandira pakhomo, lomwe lija la kuseri kwa nyumba yathu. Munali amuna a majombo a fumbi, agalu atagona pansi pa matebulo, pansi pakumata nsapato. Akamwini anu anandigwira pamkono mpaka pakauntala, n'kuloza ndi chibwano.

Amayi, mthiko wanu unali pamenepo, pakati pa mpini wa fosholo ndi mpini wa hamala. Anaudula pakati. Anauimika mutu m'mwamba, anaupaka vanishi mpaka kunyezimira ngati bokosi la maliro, ndipo pathupi pake anawotchapo zilembo zikuluzikulu: MALEMU. Pa bolodi la pakhoma analembanso ndi choko kuti mowa watsopano, wa mawere a ku Malawi, dzina lake Malemu. Mawerewo ndi chimera chija ananditumizira achemwali kuti ndiphikire thobwa, chimene ndinkaganiza kuti chikadali m'kabati.

Nthawi yomweyo bambo wina wa chimimba chotulukira kunsi kwa malaya anafika pambali panga n'kukuwa mu Chingerezi kuti amupatse Malemu awiri. Mnyamata wogulitsa, dzanja lake lojambulajambula, lonyowa ndi thovu, anagwira mthiko wanu pakhosi n'kuukoka. Thovu linasefukira m'matambula. Bamboyo anamwa, anageya, n'kunena kuti Malemu ndi wokoma. Ntchito yanga ine ndi yosambitsa anthu amene adziipitsira, ndipo sindinyansidwa nayo, koma apa ndinathamangira panja ndikugwira pakamwa.

Akamwini anu ananditsatira, nkhope itagwa. Ndinawafunsa kuti chimenechi n'chiyani.

"Ine ndimafuna kuwalemekeza," anatero. "Handulo iliyonse muno ili ndi hisitole yake. Ndiye ndinati nawonso apongozi anali katswiri, bwanji asakhale pamzere ndi anzawo?"

"Anzawo ndani? Fosholo? Nanga dzinalo?"

Anakanda m'mutu. "Ine ndikanatchula bwanji dzina la apongozi, ndi pakamwa pangapa? Pomufotokozera Jesi ndinkangoti Malemu ankaviika mawere chonchi, Malemu ankayanika chonchi. Iye anangoti ndiye dzina lawo. Ndinadzaona atawotcha kale zilembo, ndiye kumuuza kunandivuta."

"Dzina munaliopa," ndinatero, "koma mthiko wawo simunaope kuucheka ndi sowo."

Chimene chinandinyansa kwambiri n'chakuti nkhani ya kulapa kwa mthiko amaidziwa. Ndinawauza kangapo, ndipo ankaseka nayo. Koma munthu akagwidwa ndi matenda otolera zinthu, chilichonse chokhala ndi mpini amachiona ngati handulo.

Ndinabwerera m'katimo n'kupempha kuonana ndi mwini wake. Jesi anatuluka kumathanki akupukuta manja, akusekerera, akuganiza kuti ndabwera kudzathokoza. Ndinamuuza modekha, mwa Chingerezi changa cha kuntchito, kuti mawu amene walemba pa bolodi si dzina la munthu. Ndi mawu amene timatchulira womwalira. Ndinamuuza kuti makasitomala ake akhala akuitanitsa akufa awiri, akufa atatu, ndipo kuti mwini mthikowo anasiya mowa kalekale, n'kulumbira kuti mtengo umenewo sudzaukhudzanso.

Mtsikanayo anafiira mpaka m'makutu. Ndinamuona akuyang'ana mpini wa hamala wa bambo ake, kenako mthiko wanu. Sanatsutse ngakhale pang'ono. Anakankha mnyamata uja, anapotokola mthiko pampopi ndi manja ake, anautsuka, anaukulunga m'kansalu koyera n'kundipatsa ndi manja awiri, ngati kuti wina anamuphunzitsa. Bolodi anafufuta ndi mkono wa malaya. Pamenepo ndinamukhululukira, chifukwa iye analakwa posadziwa. Kenako anandifunsa dzina lanu lenileni, kuti mowa wotsala m'thanki aulembe bwino. Ndinakana. Ndinati dzina la amayi anga silikhala pa bolodi la mowa, wotsalawo autche dzina la galu wake ngati akufuna.

Tikupita kugalimoto, akamwini anu anayamba kung'ung'udza kuti poti wachotsedwa pampopi, ndiye bwenzi ukanakhala bwino pakhoma la m'galaja, chifukwa handulo yotere ilipo imodzi yokha dziko lonse lapansi. Ndinangowayang'ana. Mawu otsalawo anameza.

M'galimoto Tamanda anakhala kumbuyo atafukata mthiko pamiyendo, akusisita zilembo zija ndi chala. Tili pa maloboti anafunsa ndi mawu aang'ono, "Mum, so that's not Agogo's name?"

Ndinatembenuka. Ndinamufunsa kuti iye ankaganiza kuti agogo ake dzina lawo ndani. Anati Malemu. Anati ndi mmene amauzira anzake kusukulu, kuti agogo ake a ku Malawi anali a Malemu, ndipo ankaliona kuti ndi dzina lokongola, moti ankafuna kudzatcha mwana wake.

Amayi, mwana ameneyu munamunyamula pamsana ali khanda, ulendo umene tinabwera naye kumudzi. Pamene munkatisiya n'kuti asanadziwe zambiri. Kuyambira pamenepo m'nyumba muno wakhala akungomva kuti malemu ankatere, chithunzi cha malemu, mthiko wa malemu. Kumudzi sizikanavuta. Akanamva anthu akuti munda wa Nambewe, chitsime cha kwa Nambewe, akanawerenga pa chiliza. Koma kuno kulibe munda wanu, kulibe mnansi wokudziwani. Dzina limene sitilitchula ife, palibenso wina wolitchula. Mkwiyo wonse umene unanditsalira pa Jesi unandithera, poti mwana wanga yemwe, wobadwa m'mimba mwangamu, analakwitsa chimodzimodzi.

Lamulungu titachoka kutchalitchi ndinakhala pakhonde ndi sandipepa. Vanishi anachoka, koma zilembo anaziwotcha mozama, zikuonekabe. Kunsi kuli bowo ndi kachitsulo kopotokola kamene kakukana kutuluka. Ndinautsuka ndi madzi otentha kangapo, mpaka fungo la mowa litatha. Kenako ndinasesa chimera chimene chinatsalira pansi pa thumba n'kuphika thobwa. Mthiko wafupika, Amayi, sufikanso pansi pa poto wamkulu popanda dzanja kulowa mu nthunzi. Phala linandithovukira pa zala, matuza ake ndikulemba nawo kalatayi. Koma unatakasa.

Thobwa likuzizira ndinamuitana Tamanda kukhitchini, ndinamukhazika pampando, n'kumugwiritsa mthiko. Mundikhululukire, chifukwa ndinachita chimene sindinachitepo muli moyo. Ndinatchula dzina lanu mokweza, lonse: Esinala Nambewe. Akamwini anu, amene anali pakhomo akusuzumira, atangomva chiyambi chake anatembenuka n'kuthawira kugalaja kwawo, ndipo ndinawasiya. Tamanda analibwereza, lilime likupunthwa pa Nambewe, ine ndikumukonza, mpaka analitchula mmene ankakuitanirani anzanu popita kuchigayo. Kenako anafunsa ngati angalitchule tsiku lililonse. Ndinati kumudzi asadzayerekeze pamaso pa amalume ake, koma m'nyumba muno atchule mmene angafunire.

Akamwini anu sindinayambe kuwalankhula bwinobwino. Dzulo ndinaona kuti mwendo wa mkazi uja auchotsa pakhoma, kaya ndiko kupepesa kwawo. Mawa akukwera ndege kubwerera kumgodi, ndipo kamba ndiwakonzera, musadandaule.

Ndikukulonjezani kuti mthiko wanu sudzalawanso mowa ine ndili moyo, ndipo sudzapachikidwa pakhoma la munthu. Ndautsitsa pamwamba pa kabati, uli m'chitini pamodzi ndi zipande, pamene dzanja limafika. Thobwa tinamwa lonse lisanasase. Tamanda anamwa makapu awiri, ndipo wati ndikuuzeni kuti thobwa la agogo Esinala ndi lokoma.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Luwiza