Moto wa m'galasi ku Bowie

Lolemba, 4 Disembala

Dyna, lemba momwe ndikunenera, usakonze. Ine Saulosi Kamwaza wa ku Bilila, ku Ntcheu, sukulu ndinalekera Sitandade 3, koma mwana ndinamuphunzitsa mpaka akugwira ntchito ku banki yaikulu ku Washington. Ndi yemwe akulembayu. Ndili kunyumba kwake ku Bowie, kufupi ndi Washington komweko, chifukwa cha diso. Adokotala analichita opaleshoni naikamo mpweya woti ugwirizize chamkati chimene chinamatuka. Akuti mpweyawo usanathe ndisakwere ndege, diso lingafe.

Kuzizira kwa kuno kulibe ulemu. Mphepo yofunda imatulukira m'timabowo ta pansi, koma munthu sungaothe bowo. Ndinangodandaula kamodzi. Lero a Mac, mkamwini wanga wa ku Chipata, abwera ndi zithunzi za moto wa gasi kuti ndisankhe. Wina ndi wapoyera, wina ndi wotseka ndi galasi, mpweya wake woipa umatulukira ku chumuni. Ine ndinaloza wapoyerawo. Dyna akuti, "Ababa, umenewo umadya mpweya wa m'nyumba, ndiye ndi chifuwa chanucho ayi." Nanga kusankha kwanga kunali pati? Lemba zimenezonso.

Lachisanu, 8 Disembala

Amisiri abwera awiri. Alowetsa bokosi lachitsulo pamalo pomwe eni nyumba akale ankasonkha nkhuni, akoka paipi kuchokera m'chipinda chapansi, wina wakwera padenga. Polumikizira paipi amapakapo thovu la sopo kuti aone ngati gasi akudontha. Chimodzimodzi mmene ndimafunira ponchala pa chubu cha njinga. Pakhoma apachika kabelu kolira mpweya ukaipa.

Nkhuni zake ndi zadothi. Ndazigwira asanatseke galasi.

Wamkulu wawo anagwada nkuyamba kufotokoza zambiri akuloza kunsi. Dyna amati andimasulire, ine ndinati moto sindingauphunzire kwa mwana wa dzulo. Anandipatsa rimoti. Kudina kamodzi, moto lawilawi.

Loweruka, 9 Disembala

Motowo tawaonetsa anaNgozo, akazi anga amene ali kumudzi, pa foni. Anali atangoweruka kopalira, mpango uli pamutu. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Nkhunizo sizitha?"

Ndinati sizitha, mwana wathu watigulira zosatha.

"Mbatata mwaotchapo?"

Ndinati pali galasi.

"Ndiye imeneyo ndi TV, bambo a Dyna. Mukuothera TV." Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo Dyna naye akuseka pano mmalo molemba. Pomaliza anati mutu ukuwawa kuyambira dzana, mwina ndi dzuwa la kumunda. Ndinati amwe panado agone. Ndi zokhazo zimene ndinanena.

Lachiwiri, 12 Disembala

AnaNgozo atisiya. Anagwa pakhomo pa khitchini. Pofika ku chipatala anali atapita.

Lachitatu, 13 Disembala

Lero akulemba ndi a Mac. Dyna wakwera ndege. Maliro amudikira, kuika ndi Loweruka.

Mmawa tinapita kwa adokotala. Ndinawauza kudzera mwa a Mac kuti diso limodzi ndi lokwanira nkhalamba, linalo life. Anati si diso lokha, ululu wake m'mwambamo ndi woti angatsitse nawo ndege panjira. Dyna analira, nati, "Ababa, ndisataye awiri sabata imodzi." Ndinavomera kutsala. Mkazi amene ndinamukwatira ndilibe ndi nsapato zomwe, aikidwa ine ndili kuno kuonerera chipale chofewa.

Lachinayi, 14 Disembala

Ndalankhula ndi mng'ono wanga Yohane. Moto wa pasiwa anausonkha Lachiwiri pansi pa mtengo wa mango, ndipo amuna akugona pamenepo. Mvula inagwa, anaphimbapo lata. Kwathu moto wa maliro suzima mpaka titaika. Mwini mkazi amakhala pomwepo, anthu nkumamupeza.

Kuno dzuwa likafika pamutu, kwathu kumakhala kukuda. Choncho ndakoka mpando, ndadina rimoti, ndati uwu ndiwo moto wa anaNgozo mbali ya kuno. Ndawauza a Mac kuti usazime mpaka Loweruka. Anati, "Chabwino, atate."

Tsono lembani izi ngakhale zikukhudzani. Mwamuna safika pasiwa chimanjamanja, amaponyapo chikuni chake. Ndinatuluka kuseri, ndinatola nthambi yogwa ndi mphepo, ndinatenga mpeni wa kukhitchini kuti nditsegule galasi. Linandiotcha zala. A Mac anachokera uko akuthamanga.

"Atate, imwe! Mufuna mutiphe tonse? Muno simulowa nkhuni!"

Mkamwini kundikalipira ngati mwana. Anandilanda mpeni. Kenaka anandiviika dzanja m'madzi ozizira. Nthambiyo ndaiimika pakona, ndati aliyense asaigwire.

Madzulo kunabwera anthu akwathu, ena ochokera ku Laurel, a Omari ndi akazi awo ochokera ku Takoma Park. Anavula nsapato, anakhala pa kapeti, amayi anaimba nyimbo ziwiri zamaliro motsitsa mawu chifukwa cha oyandikana nawo nyumba. A Omari anati, "Achimwene, pepani. Moto ndi womwewu, tiothe." Mawa ali ndi ntchito, anapita msanga.

Lachisanu, 15 Disembala

Sindinafune kunena kanthu lero. A Mac akhala ndi kope pamwendo mpaka ndayamba.

Masana anapita kukanditengera mankhwala a m'diso. Ine chiyambire Lachiwiri sindinagone bwino, ndiye tulo tinandiba pampando. Podzidzimuka, m'nyumba muli zii, mapazi ali ngati miyala. M'galasi muli bii. Nkhuni zadothi zija zangokhala, zopanda ngakhale phulusa loti munthu afukule apeze khala.

Ndinadziwa kuti nthawi imeneyo kwathu Yohane ali maso, akukankhira zikuni. Mlamu wa anaNgozo akusunga moto, mwini mkazi wagona mpaka wazima.

A Mac atabwera anavomera okha. Akuti anatchera rimoti kuti moto uzizima wokha pakapita nthawi, poopa kundisiya ndekha nawo pambuyo pa za mpeni zija. "Ninayopa chabe, atate." Anati ayatsenso. Ndinati ayi. Woyatsanso ndi moto wina, si uja ndinawayatsira anaNgozo.

Pamene amati mutu ukuwawa ndinati panado. Pamene amafuna moto ndagona. Lekani pomwepo, a Mac.

Loweruka, 16 Disembala

Kwacha kuno, kwathu ndi masana. Dyna anaimba kuti anyamuka kupita kumanda, aimbanso akafika. Ndinakhala pampando uja ndi bulangete, osayatsa kanthu.

A Mac anabwera nagwada patsogolo pa galasi. Ndimayesa akupepesa, ndinati dzukani, zatha. Anati, "Iyayi atate, bwelani muone. Dzulo munakana kunimvela."

Kugwada kwa ine ndi ntchito. Anandigwira m'khwapa mpaka mawondo anafika pansi. Anati nditseke diso lodwala ndi dzanja, ndiyang'ane kunsi kwa chikuni chakumanzere, kuseri.

Poyamba sindinaone kanthu. Kenaka ndinakaona. Kamoto kabuluu, kochepa ngati njere ya nyemba, kali njo, osagwedezeka.

Ndinafunsa kuti akayatsa liti. Anati sanakayatse iwo. Anakayatsa mmisiri uja tsiku loika, ndipo ndi zimene ankafotokoza atagwada, ine nkukana kumva. Kamakhala koyaka usana ndi usiku. Ukadina rimoti, moto waukulu umatengera pa iko. Ukazima waukuluwo, iko kamatsala.

"Ndiye dzulo, pamene ndinagona?"

"Kanali koyaka, atate."

"Tsiku lija anaNgozo amaseka za TV?"

"Ni kameneka."

Kwathu timatero ndithu. Umafotsera khala m'phulusa, mmawa nkuuzira, ndipo palibe amene amati ndi moto wina.

Ndinapempha rimoti. Ndinadina ndili chigwadire, ndipo ndinaona ndi diso langa moto ukuchoka pa kabuluu kaja nkuyenda pansi pa nkhuni mpaka kukwera. Nthambi yanga ija a Mac anaitenga pakona, naigoneka pansi patsogolo pathu, patali ndi galasi. Sindinawaletse.

Foni ikulira, ndi Dyna, afika kumanda. A Mac, ikani cholemberacho pansi. Khalani apa pafupi ndi ine, mugwire foniyo.